Tsiku lolembetsa lien landipitirira: kodi madola 18,400 anga apita?

Wamatailosi wa ku Arlington

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha amene adakumanapo ndi zotere kuno ku Texas kuti andiunikire. Ndili ndi kakampani kanga koika matailosi, ndipo mu Januwale ndidasainirana mgwirizano wa madola 31,000 ndi kontirakitala wamkulu amene ankakonza nyumba ya lesitilanti ku Tarrant County. Mgwirizanowo unkanena kuti pa invoisi iliyonse azisunga madola 10 pa 100 alionse mpaka ntchito yonse itatha. Invoisi ya Febuluwale inali ya madola 14,000 ndipo adandipatsa 12,600 popanda vuto. Invoisi ya Malichi inali ya 17,000, ndipo pa imeneyo sindidalandirepo ngakhale senti imodzi. Kuphatikiza 15,300 ya Malichi ndi 3,100 yomwe adasunga, ali nane ngongole ya madola 18,400.

Pa 10 Juni mayi a kunyumba adandikakamiza kuti nditumize kalata yodziwitsa mwini nyumbayo ndi kontirakitalayo za ngongoleyi, ndipo ndidatumizadi kudzera pa certified mail, njira ya ku positi imene wolandira kalata amasainira. Patangopita masiku atatu kontirakitalayo adandiimbira foni ndi mawu okoma, akuti ndisaononge ubale wathu chifukwa cheke chituluka Lachisanu. Lachisanu limenelo lidabala Lachisanu lina. Kumapeto kwa Juni ndidanyamuka kupita kumudzi kukaika maliro a malume anga, ndipo nditabwerera pa 22 Julayi ndidauzidwa ku ofesi ya County Clerk, ya kalaliki wosunga kaundula wa malo ndi nyumba m'deralo, kuti angathe kulandira chikalata changa cha lien, chogwira nyumbayo ngati chikole cha malipiro anga, koma iwo sanganene ngati chili ndi mphamvu. Nditawerenga bwino ndidapeza kuti tsiku lomaliza linali 15 Julayi. Tsopano bamboyo sakuyankhanso foni, lesitilanti ija yatsala pang'ono kutsegulidwa, ndipo anyamata awiri amene ndinkagwira nawo ntchito ndidawalipira kale kuchokera m'thumba langa. Kodi ndalamazi zapita basi?

Mayi wa Maakaunti

Pepani kwambiri ndi maliro achimwene, komanso pepani ndi vutoli. Ndimagwira ntchito yosunga mabuku a ndalama ku kampani yomanga ku Houston, choncho ndiyankha monga munthu amene amaona makalata amenewa sabata ndi sabata, osati monga loya. Choyamba khazikitsani mtima pansi, chifukwa chimene chakupitirirani ndi chikole, osati ngongole. Lien ndi njira yogwira nyumba imene mudagwirapo ntchito kuti ikhale chikole cha malipiro anu, ndipo mphamvu yake ili pakuti mwini wake amavutika kuigulitsa kapena kutengera ngongole ku banki pamene dzina lanu lili m'kaundula. Chikolecho chikachoka, mgwirizano wanu ndi kontirakitala uja udakalipo, ndipo ku Texas muli ndi zaka 4 zoti mumusumire chifukwa chophwanya mgwirizano.

Mwawerenga bwino masiku. Pa nyumba za malonda, mmisiri amene sadasainirane mwachindunji ndi mwini nyumba amayenera kutumiza chidziwitso pofika pa 15 wa mwezi wachitatu kuchokera mwezi umene adagwira ntchito yosalipidwayo, kenako kulembetsa lien pofika pa 15 wa mwezi wachinayi kuchokera mwezi umene adamaliza kugwira ntchito. Kwa inu ndiye 15 Juni ndi 15 Julayi. Tiuzeni zinthu zitatu: kodi m'kalata ya pa 10 Juni mudalembamo ndalama zingati, kodi ntchito yonse ya kontirakitala wamkulu idatha liti, ndipo kodi pali chikalata china chimene mudasainira polandira cheke cha Febuluwale?

Wamagetsi wa ku Garland

Achimwene, ine ndikanakhala inu ndikanapita mawa m'mawa kukalembetsa lien imeneyo ngakhale nthawi yadutsa, popeza kalalikiyo wanena yekha kuti alandira. Mwini lesitilanti akaona dzina lanu pa nyumba yake adzamugwira pakhosi kontirakitalayo, ndipo ndalama zidzatuluka asanayambe n'komwe kuwerenga makalendala. Ambiri mwa anthu amenewa sadziwa malamulo kuposa ife. Ndikudziwa munthu wina amene adachita zimenezi ndipo adalipidwa pasanathe masabata awiri.

Wothandiza Maloya ku Dallas

Achimwene a ku Garland, ndikupempha kuti malangizo amenewa musawaperekenso, chifukwa angathe kusandutsa wokongoza kukhala wokongola. Ntchito ya kalaliki ndi kulandira chikalata ndi kuchidinda, osati kuunika ngati chili chovomerezeka, ndiye kulandira kwake sikutanthauza kanthu. Pansi pa Chapter 53 ya Property Code, buku la malamulo a katundu la ku Texas, mwini nyumba kapena kontirakitala angathe kupempha khoti kuti lichotse lien yolembetsedwa mochedwa kudzera mu njira yachidule, ndipo woweruza ali ndi mphamvu yolamula kuti wolembetsayo alipire ndalama za loya wa mbali inayo. Choopsa kwambiri chili mu Chapter 12 ya Civil Practice and Remedies Code, yomwe imanena za munthu wolembetsa lien yachinyengo akudziwa ndiponso ndi cholinga chopweteka mnzake. Chilango chake chimayambira pa madola 10,000, kapena kuposera apo ngati woonongeredwayo ataya zambiri, kuphatikizapo ndalama za khoti ndi za loya. Sikuti lien iliyonse yochedwa ndi yachinyengo, koma mbale wathuyu walemba yekha pagulu pano kuti akudziwa kuti tsiku lidadutsa, ndiye sangadzanene kuti adalakwitsa kuwerenga. Amene adalipidwa m'masabata awiri uja adangochita mwayi wokumana ndi mwini nyumba wamantha.

Ndionjezere chinyengo china chimene amisiri amauzana, chakuti ukabwerera ku nyumbako kukamata tailosi limodzi losweka ndiye kuti masiku ayambiranso kuwerengedwa. Musadalire zimenezo. Ntchito yongokonza zolakwika kapena yongopangira dala kuti kalendala isunthe imatsutsidwa mosavuta, ndipo mukalumbira m'chikalata kuti tsiku limenelo ndilo lomaliza la ntchito yanu mwadziika nokha m'mavuto.

Wamatailosi wa ku Arlington

Zikomo nonse. Mayi, ndafufuza m'mapepala anga. M'kalata ya pa 10 Juni ndidalemba ndalama zonse, madola 18,400, ndipo pa mzere wake ndidalemba padera kuti 3,100 ndi zosungidwa zija. Risiti yobiriwira ya ku positi ofesi ndili nayo, yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Ntchito yonse ya lesitilantiyo sidathe mu Malichi ayi, chifukwa anthu a magetsi ndi a mapaipi a m'khitchini ankagwirabe mpaka kumapeto kwa Julayi, ndipo mnzanga woika makabati akuti kontirakitala adapereka makiyi pa 29 Julayi. Polandira cheke cha Febuluwale ndidasainira chikalata cha tsamba limodzi chonena kuti ndalandira malipiro a ntchito yofika pa 28 Febuluwale. Cha Malichi adanditumizira pa imelo kuti ndisaineretu cheke chisanatuluke, koma sindidasaine, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa printa yanga idatha inki.

Wothandiza Maloya ku Dallas

Inki imeneyo mukaigulire mphatso, achimwene. Ku Texas kuli mafomu anayi ovomerezeka ndi lamulo osiyira ufulu wa lien, awiri ogwira ntchito pokhapokha cheke chikalowadi ku banki, ndi awiri ogwira ntchito nthawi yomweyo mukangosaina. Mukanasaina fomu ya mtundu wachiwiriwu mukanakhala mwavomereza ndi dzanja lanu kuti mudalipidwa, ndipo nkhani yathu lero ikanakhala yolemera kwambiri. Tsegulani imelo ija muone mutu wa fomuyo, ndipo muisunge ngati umboni, chifukwa ngati pali nambala ya 15,300 ndiye kuti iwo eni adavomereza kukula kwa ngongole.

Tsopano pa zimene mwayankhazi pali khomo limodzi lomwe likuoneka kuti silidatsekeke. Lamulo la lien lidasinthidwa pa migwirizano ikuluikulu yosainidwa kuyambira pa 1 Januwale 2022, ndipo ndalama zosungidwa, zimene kuno amazitcha retainage, zili ndi kalendala yakeyake. Lien ya ndalama zimenezi imalembetsedwa pofika pa 15 wa mwezi wachitatu kuchokera mwezi umene mgwirizano waukulu, wa pakati pa mwini nyumba ndi kontirakitala wamkulu, udatha kapena kuthetsedwa kapena kusiyidwa. Ngati ntchito yonse idathadi mu Julayi, tsiku lanu ndi 15 Okutobala. Vuto limene limagwetsa ambiri ndi chidziwitso, chifukwa lamulo limafuna kalata yapadera ya retainage mkati mwa masiku 30 kuchokera pamene mmisiri wamaliza mgwirizano wake, pokhapokha ngati ndalamazo zidaphatikizidwa kale m'chidziwitso cha mwezi ndi mwezi. Inu mukuti mudaziphatikiza, ndiye pitani ndi kalatayo kwa loya wa za zomangamanga sabata ino kuti aione ndi maso ake, makamaka pa gawo la 1,400 lochokera mu Febuluwale, limene mbali inayo ingathe kulimbana nalo. Madola 3,100 si 18,400, koma lien yaing'ono yovomerezeka imamukakamiza mwini nyumba kukhala pansi, ndipo lamulo limamulamula kusunga 10 pa 100 ya mtengo wa mgwirizano kwa masiku 30 ntchito itatha. Kuwerenga kuchokera pa 29 Julayi, masiku amenewo atha kumapeto kwa Ogasiti, choncho musadikire Okutobala.

Mayi wa Maakaunti

Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Dallas, ndipo ndifuna kukhalitsa pang'ono pa funso limene kwa ine ndilo mtima wa nkhaniyi: kodi mwini lesitilanti adamulipira kontirakitala ndalama za ntchito ya Malichi kapena ayi? Yankho lake ndilo lidzakuuzani njira yoti mutsate.

Ngati adamulipira, malamulo awiri akuima kumbali yanu. Loyamba ndi Chapter 28 ya Property Code, lokhudza kulipira msanga. Limanena kuti mwini nyumba alipire kontirakitala mkati mwa masiku 35 atalandira pempho la malipiro, ndipo kontirakitala akalandira apereke gawo la mmisiri aliyense mkati mwa masiku 7. Akachedwa, ngongoleyo imabala chiwongoladzanja cha 1.5 pa 100 mwezi uliwonse, chimene pa 15,300 yanu ndi madola 229.50 pamwezi. Lachiwiri, lomwe makontirakitala amaliopa kwenikweni, ndi Chapter 162. Limaona ndalama zimene kontirakitala walandira pa ntchito yomanga ngati ndalama zosungitsidwa, zomwe eni ake enieni ndi amisiri ndi ogulitsa zipangizo amene adagwira pa malopo. Akazitenga n'kukalipira ngongole za ntchito ina, kapena kugula galimoto yatsopano, waphwanya lamulo, ndipo mlanduwo ungathe kumugwera iye mwini monga munthu amene amayendetsa ndalamazo, osabisala kumbuyo kwa dzina la kampani yake. Kuyambira pa madola 500 ndi mlandu wa boma, ndipo ngati panali cholinga chobera umakwera kukhala felony, kutanthauza mlandu waukulu. Iye ali ndi podzitetezera, makamaka akaonetsa kuti ndalamazo zidapita ku zinthu zenizeni za ntchito yomweyo, koma kuti aonetse zimenezo ayenera kutsegula mabuku ake, ndipo ambiri amene ndawaona amasankha kulipira kusiyana n'kutsegula mabuku.

Chimene chimachitika kawirikawiri m'makampani ang'onoang'ono si kuba kochita kukonza ayi. Munthu amatenga ndalama za ntchito ya lero kukatseka dzenje la ntchito ya dzulo, akuyembekeza kuti ntchito ya mawa idzatseka dzenje la lero. Pa desiki pake pamakhala mulu wa mainvoisi, ndipo ndalama zikalowa amalipira amene akumuopa kwambiri, osati amene adabwera koyamba. Pamene adakuimbirani pa 13 Juni ndi nkhani ya Lachisanu, n'kutheka kuti ankadziwa bwino za 15 Julayi kuposa inu. Ntchito yanu tsopano ndi kubwerera pamwamba pa muluwo.

Ngati mwini nyumba sadamulipire, werengani mgwirizano wanu muone ngati muli ndime yonena kuti mudzalipidwa pokhapokha iye atalipidwa. Ndime zotere zimaloledwa ku Texas koma zili ndi malire pansi pa Chapter 56 ya Business and Commerce Code, mwachitsanzo sangaigwiritse ntchito ngati chifukwa chimene sadalipidwire ndi kulakwitsa kwake iye mwini, osati kwanu. Njira yodziwira ndi yapafupi: lembani kalata yaulemu kwa mwini lesitilantiyo, mumukumbutse za chidziwitso cha pa 10 Juni, ndipo mumufunse tsiku limene adalipira ntchito ya Malichi komanso ngati pali bondi ya malipiro pa ntchitoyi, kutanthauza chitsimikizo cha kampani ya inshuwalansi kuti idzalipira amisiri kontirakitala akalephera.

Akalipentala a ku South Bend

Ine ndili ku Indiana ndipo ndikutsatira mwachidwi, chifukwa zidandionekerapo. Kuno lien ya nyumba za malonda imalembetsedwa mkati mwa masiku 90, ndipo ine ndidaphonya ndi sabata imodzi. Chimene chidandipulumutsa ndi kalata yomwe lamulo lathu limaloleza, yodziwitsa mwini nyumba kuti asapereke kwa kontirakitala ndalama zimene zatsala, apo ayi ngongoleyo idzakhala yake mpaka kufika pa mlingo wa zimene anali asanapereke. Mwini nyumbayo adagwira ndalamazo ndipo tidamvana. Kodi ku Texas kulibe njira yofanana ndi imeneyi?

Wothandiza Maloya ku Dallas

Akulu, funso lanu likuonetsa chifukwa chimene sitiyenera kutengera malangizo a dera lina mwachimbulimbuli. Ku Texas chidziwitso chimene mbale wathu adatumiza pa 10 Juni chimapatsadi mwini nyumba chilolezo chogwira ndalama, koma udindo wake pa ndalamazo umadalira kuti lien ilembetsedwe pa nthawi yake. Popanda lien, kugwira kuja kumatha mphamvu. Komabe eni nyumba ambiri akalandira kalata yotere amagwiradi ndalama ndipo sathamangira kuzimasula, ndiye n'kofunika kufunsa.

Pa nkhani ya bondi imene mayi atchula, pa lesitilanti yaing'ono mwayi woti ilipo ndi wochepa, koma kufunsa sikulipiritsa. Ntchito za boma ndi nkhani ina, chifukwa nyumba ya boma siigwidwa chikole, ndipo mmisiri amadandaula pa bondi pansi pa Chapter 2253 ya Government Code, kapena pansi pa Miller Act ngati ntchitoyo ndi ya boma lalikulu la United States. Palinso lien imene imachokera m'malamulo aakulu a Texas, Article 16, Section 37, yomwe siifuna kulembetsa pa masiku aja, koma imeneyo ndi ya okhawo amene adasainirana mwachindunji ndi mwini nyumba. Mbale wathu ingamukhudze pokhapokha zitapezeka kuti kampani ya kontirakitala ndi mwini nyumba ndi munthu mmodzi wovala zipewa ziwiri, zimene mungaone mwaulere pa tsamba la Texas Comptroller pofufuza mayina a eni makampani onse awiri.

Wamagetsi wa ku Garland

Ndavomera kuti pa lien ndidalankhula mopupuluma. Koma ngati kudya ndalama za amisiri ndi mlandu wa boma monga anenera mayi, bwanji osangomulembera kuti akapanda kulipira pofika Lolemba nkhani ipita kupolisi? Ndipo kunena zoona, matailosi amenewo adagula ndi mbale wathuyu. Chingamuletse n'chiyani kupita ndi anyamata ake kukawazula?

Mayi wa Maakaunti

Achimwene, tailosi likamatidwa ndi simenti limasanduka gawo la nyumba ya mwini wake, ndipo wolizula amamangidwa pa mlandu wolowa pamalo popanda chilolezo ndi kuononga katundu. Kwa ife obwera, mlandu wotere umafika mpaka pa mapepala okhalira m'dziko muno, ndiye ganizo limenelo lithere pomwepa. Za polisi nazonso samalani. Kukanena mlandu ndi ufulu wa aliyense, koma kuopseza munthu kuti umumangitsa akapanda kukupatsa ndalama ndi chinthu china, moti ngakhale maloya a ku Texas malamulo a ntchito yawo amawaletsa kuopseza ndi mlandu wa boma pofuna kungopambana pa mlandu wa ndalama. M'kalata yofuna malipiro mungathe kutchula kuti ndalamazo ndi zosungitsidwa pansi pa Chapter 162 n'kusiyira pomwepo. Iye akudziwa tanthauzo lake.

Wothandiza Maloya ku Dallas

Kalata yofuna malipiroyo ili ndi ntchito inanso. Pansi pa Chapter 38 ya Civil Practice and Remedies Code, wopambana mlandu wophwanya mgwirizano angathe kupatsidwa ndalama za loya wake, koma ayenera kuonetsa kuti adapereka pempho la malipiro ndipo masiku 30 adadutsa osalipidwa. Ikhale yaifupi, yokhala ndi nambala za mainvoisi, ndalama zake, chiwongoladzanja, ndi tsiku lomaliza, ndipo ipite kwa registered agent, amene adalembetsedwa kuti azilandira makalata a milandu a kampaniyo, komanso kwa mwini wake. Musalembemo zonyoza, chifukwa tsiku lina woweruza adzaiwerenga.

Masikuwo akatha muli ndi chisankho. Justice Court, khoti la milandu ing'onoing'ono, imamva milandu yofika madola 20,000, ndipo mwini kampani amaloledwa kuimira kampani yake popanda loya. Malirewo saphatikiza chiwongoladzanja cha lamulo ndi ndalama za khoti, koma amaphatikiza ndalama za loya, choncho 18,400 yanu ikukwana ngati mupita nokha, pamene mukapita ndi loya mpata wotsala ndi 1,600 yokha. Dziwaninso kuti khoti limeneli silingalamule kugulitsa nyumba chifukwa cha lien. Musanapite kulikonse onani ngati mgwirizano wanu uli ndi ndime ya arbitration, yonena kuti mkangano ugamulidwe ndi mkhalapakati kunja kwa khoti, chifukwa ngati ilipo mbali inayo ingathe kuchotsa mlandu m'khoti.

Kwathu timati mlandu suwola, koma kuno umawola pakatha zaka 4, ndipo kampani yodwala imawola msanga kuposa pamenepo. Ikalengeza kuti yagwa pansi pa malamulo a bankruptcy, milandu yonse imaima nthawi yomweyo, ndipo inu mumakaima pa mzere wa opanda chikole amene amalandira zotsalira. Chigamulo nachonso si ndalama. Mukapambana mumalembetsa abstract of judgment, chidule cha chigamulocho, m'kaundula wa county, imene imagwira malo ndi nyumba za wokongolayo kwa zaka 10 kupatula nyumba yake yokhalamo, ndipo mungathe kupempha khoti kuti ligwire akaunti yake ya ku banki. Malipiro a pamwezi a munthu sagwidwa ku Texas pa ngongole za mtundu uwu. Kope la cheke cha Febuluwale chija lisungeni bwino, popeza pali dzina la banki yake.

Akalipentala a ku South Bend

Nanga kusumira mwini lesitilantiyo pa mfundo yakuti akudyerera thukuta la munthu popanda kulipira, sizingatheke? Pajatu makasitomala ake aziponda matailosi a mbale wathu tsiku ndi tsiku.

Wothandiza Maloya ku Dallas

Mfundoyo ilipo m'malamulo, koma pa nkhani ngati iyi ndi yofooka. Khoti limafuna umboni wakuti mwini nyumba ankadziwa kuti mmisiriyo akuyembekeza malipiro kuchokera kwa iye, pamene mbale wathu mgwirizano wake unali ndi kontirakitala. Ndipo ngati mwini nyumba adalipira kale kontirakitalayo, n'kovuta kunena kuti wadyerera, popeza matailosiwo adawalipira kamodzi ndithu.

Wamatailosi wa ku Arlington

Ndabwera kudzakudziwitsani mmene zayendera masabata atatu apitawa. Ndidalipira madola 350 kuti ndikhale ndi loya kwa ola limodzi, ndipo atawerenga kalata ya pa 10 Juni adavomera kulembetsa lien ya 3,100 yokha. Mgwirizano wathu ulibe ndime ya arbitration. Mwini lesitilanti ndidamupeza akupachika menyu pakhoma, ndipo nditamupatsa kalata yanga adadabwa kwambiri, chifukwa kontirakitala adamuuza mu Juni kuti nkhani yanga idatha. Adatsegula kompyuta pomwepo pa kauntala n'kundionetsa kuti ntchito ya Malichi adailipira pa 24 Epulo, ndipo adandisindikizira kope. Ndalama zosungidwa anali asanazipereke. Bondi palibe.

Kalata yofuna malipiro idafika kwa kontirakitala Lachiwiri, ndipo Lachinayi munthu amene sankayankha foni kwa miyezi iwiri adandiimbira katatu. Akuti andipatsa madola 12,000 Lachisanu lino ndipo nkhani ithe, koma ndisaine fomu yomaliza yosiya zonse ndi kuchotsa lien. Mayi a kunyumba akuti fodya ndi amene ali pamphuno, ndilandire. Ine mtima ukuwawa kusiya 6,400 pamwamba pa chiwongoladzanja. Mukuona bwanji?

Mayi wa Maakaunti

Mayi a kunyumba akunena zoona, koma fodya ameneyu sadafike pamphuno, adakali pachala, ndipo ndi Lachisanu lomwe lija mudalidikira mu Juni. Onani kuti 3,100 ili m'manja mwa mwini lesitilanti, osati mwa kontirakitala, ndiye simuyenera kuiphatikiza m'kukambirana kwanu. Pemphani kuti mwini lesitilanti alembe cheke cha ndalama imeneyo m'mayina a makampani anu awiri, kontirakitala asainire kumbuyo inu mulipo, kenako muchotse lien cheke chikalowa. Zikatero nkhani yatsala pa 15,300, ndipo muli ndi pepala loonetsa kuti adalandira ndalamazo pa 24 Epulo, kutanthauza kuti amayenera kukulipirani pofika pa 1 Meyi. Ndikanakhala ine ndikanalandira 12,000 ngati gawo loyamba kudzera pa cashier's check, cheke cholembedwa ndi banki yeniyeniyo, ndikanasiya chiwongoladzanja ngati mphatso yake, ndipo 3,300 yotsalayo alipire m'magawo atatu, atasaina m'dzina lake lenileni kuti kampani ikalephera adzalipira iye.

Wothandiza Maloya ku Dallas

Ndikuonjezera kamodzi kokha. Akakupatsani cheke, yang'anani pa mzere wa m'munsi ndi kumbuyo kwake, chifukwa akalembapo kuti ndi malipiro omaliza a ngongole yonse inu n'kuchiika ku banki, angathe kudzanena kuti mudavomera kuthetsa nkhani. Fomu iliyonse imene musaine ikhale ya mtundu wodikira kuti cheke chilowe, ndipo itchule ndalama zenizeni zimene mwalandira tsiku limenelo.

Wamagetsi wa ku Garland

Achimwene a ku Arlington, ngati kontirakitalayo ndi amene ndikumuganizira, ndilembereni kumbali, chifukwa mlamu wanga wapatsidwa mgwirizano woika mapaipi ndi kampani ina ya ku Tarrant County ndipo akufuna kusaina Lolemba.

Wamatailosi wa ku Arlington

Ndakulemberani, achimwene. Kwa ena nonse, tidakumana Lachisanu ku banki yake nthawi ya 10 koloko m'mawa. Adakana kaye kusaina m'dzina lake, ndipo nditayamba kubweza mapepala anga m'chikwama adapempha cholembera. Cashier's check ya 12,000 yalowa, ndipo cheke cha 3,100 cha mwini lesitilanti chalowa Lachitatu, moti dzulo loya walembetsa chikalata chochotsa lien. Gawo loyamba la madola 1,100 likuyenera kufika pa 1 Okutobala, ndipo fomu ya Justice Court ndaidzaza kale, ili mu envulopu pa dashibodi ya galimoto.